Ganizo loipa likagogoda pakhomo: zoyenera kuchita musanalitsegulire

Usiku wina cha m'ma 11 koloko magetsi atazima ndinali gone pabedi foni ili m'manja, batire itatsala pang'ono kutha, ndikungoyang'ana masitetasi a anthu pa WhatsApp. Nde ndinafika pa ya mlamu wanga. Munthu ameneyu anandibwereka K150,000 miyezi isanu m'mbuyomo akuti mwana wadwala, ndikamufunsa ankangoti mawa achimwene, mawa, koma apa ali kunyanja wavala magalasi akuda, patebulo pali chambo ndi zakumwa. Mtima unagunda mpaka ndinkaumva m'makutu. Ndinayamba kulemba meseji, yaitali, ndinaikamo za ndalamazo, ndinaikamo za mmene amasungira mlongo wanga, mpaka ndinafika potchula amayi ake amene sanandilakwire chilichonse. Chala chinali pa batani lotumizira. Ndipo tsiku lomwelo m'mawa ndinali nditatsogolera mapemphero a kumlaga.

Ndalemba izi chifukwa ambirife timaphunzitsidwa bwino kuti tchimo ndi chani, koma sitiuzidwa kuti pa mphindi imeneyo, chala chili pa batani, thupi likutentha, uchite chani kwenikweni. Kungouzana kuti "pempherani abale" n'zoona koma n'zosakwanira kwa munthu amene wapemphera kale kambirimbiri nkumagwabe pamalo omwewo. Zimene zili m'munsimu ndi zimene ndaziona zikuthandiza, kwa ine ndi kwa ena amene takhala nawo pansi, kaya vuto ndi mkwiyo, nsanje, chilakolako kapena chakukhosi.

Choyamba, siyanitsani yesero ndi tchimo

Apa ndikhalapo pang'ono chifukwa ndi pomwe Akhristu ambiri amathyokera. Ganizo loipa kungobwera m'mutu si tchimo ayi. Yesu anakhala m'chipululu masiku 40 ndipo Satana anamuuza kuti amugwadire, ndiye kuti mawu amenewo analowa m'makutu mwake, anawamva, anawamvetsa, koma Ahebri 4:15 akuti anayesedwa m'zonse monga ife koma sanachimwe. Ndiye ngati Mwana wa Mulungu anamva ganizo lonyansa chonchija, inu mukudabwa chani kuti lakufikani muli pakati pa kwaya?

Yakobo 1:14-15 anazifotokoza ngati nkhani ya mimba. Munthu amakokedwa ndi chilakolako chake, chilakolakocho chikaima chimabala tchimo, tchimolo likakula limabala imfa. Mimba siibadwa tsiku lomwe yaima. Pali nthawi pakati, ndipo nkhondo yathu yonse ili pa nthawi imeneyo. Pali mawu akale amene Martin Luther ankawabwereza, akuti anachokera kwa mkulu wina wa m'chipululu, oti sungaletse mbalame kuuluka pamwamba pa mutu wako koma ungathe kuiletsa kumanga chisa m'tsitsi lako.

Chimene chimachitika mukasokoneza ziwirizi n'choti ganizo likangobwera mumati basi ndachimwa kale, ndine wachabechabe, nde poti ndaipa kale bola ndingomaliza. Satana amakonda kwambiri msewu umenewu chifukwa safunikanso kulimbana nanu, mwadzigwetsa nokha. Choncho likabwera, mawu oyamba kudziuza ndi akuti: ili ndi yesero, sindinavomere, ndikadali ndi mpata.

Chachiwiri, litchuleni dzina lake lenileni

Ife timadziwa kukometsa zinthu. Nsanje timaitcha "ndikungodabwa kuti ndalama amazitenga kuti". Chakukhosi timachitcha "ndinamukhululukira koma sindifuna kumuona". Chilakolako timachitcha "timangocheza, ndi mlongo wa kutchalitchi". Bola mukulitcha dzina labodza simungalimbane nalo, zili ngati kumwa mankhwala a mutu pamene muli ndi malungo.

Kaini asanaphe Abele, Mulungu sanayambe ndi kumudzudzula, anamufunsa kuti wakwiyiranji, nkhope yako yagweranji, kenako nkumuuza kuti tchimo lamyata pakhomo, likukufuna iwe, koma uyenera kuligonjetsa. Zili pa Genesis 4:6-7. Funso lomwelo dzifunseni mokweza ngati muli nokha: ndakwiyiranji? Usiku uja nditadzifunsa ndinapeza kuti sizinali ndalama zokha, chinandipweteka kwambiri n'choti ndinaoneka wopusa, kuti munthu anandinamiza za mwana wodwala ine nkukhulupirira. Kunali kudzikuza kwanga kumene kunavulala. Ndalamazo zinali nkhani yoona yofunika kuikamba, koma meseji ija inkalembedwa ndi kunyada kovulala.

Akhristu akale anagwirapo ntchito yaikulu pa zimenezi. Evagrius, mmonke amene ankakhala m'chipululu cha ku Egypt ndipo anamwalira mu 399, anandandalika maganizo 8 amene amavutitsa munthu: dyera pa chakudya, chilakolako cha chiwerewere, kukonda ndalama, chisoni chofooketsa, mkwiyo, kunyong'onyeka kwa mumtima kuja kosafuna kupemphera kapena kugwira chilichonse, kufuna kutamandidwa, ndi kudzikuza. Patapita zaka pafupifupi 200 Papa Gregory anawasanjanso nkukhala 7, ndi amene Akatolika amawadziwa mpaka pano. Chimene ndimachikonda n'choti Evagrius sanawatche machimo, anawatcha maganizo, podziwa kuti amabwera kwa aliyense ngakhale kwa munthu wokhala yekha mumchenga wopanda foni, wopanda msika, wopanda neba. Yang'anani mndandandawo muone kuti wanu ndi uti. Kawirikawiri munthu amakhala ndi awiri kapena atatu amene amamubwerera chaka ndi chaka, ena onsewo amangodutsa.

Chachitatu, fufuzani nthawi ndi malo amene limakupezani

Tengani kabuku kakang'ono kapena kope lakale la mwana, kwa sabata imodzi kapena ziwiri muzilemba mizere itatu yokha madzulo: linabwera nthawi yanji, ndinali kuti, chinachitika n'chani lisanabwere. Musalembe nkhani zonse mwatsatanetsatane poti kabuku kamatha kugwera m'manja mwa ena, ingolembani mmene mungamvere nokha. Mudzadabwa kuti mayesero anu ali ndi ndandanda ngati basi. Wina ndi Lachisanu akalandira malipiro. Wina ndi usiku akagula bandulo ya usiku mkazi atagona. Wina ndi akangochoka kwa apongozi. Wina ndi Lamulungu lenilenilo akaona mnzake wa mu Chigwirizano watsika m'galimoto yatsopano.

Nkhani ya Davide pa 2 Samueli 11 imayamba ndi nthawi ndi malo. Inali nyengo imene mafumu amapita kunkhondo, iye anatuma Yowabu nkutsala ku Yerusalemu. Madzulo anadzuka pakama pake, nkumayendayenda padenga. Anaona mkazi akusamba. Mpaka apa palibe mlandu, maso amaona. Kenako anatuma munthu kukafunsa kuti ndi ndani. Anauzidwa kuti ndi Batiseba mkazi wa Uriya. Anatumanso anthu kukamutenga. Werengani makhomo amene anadutsa, lililonse akanatha kubwererapo, ndipo lililonse linali lovuta kubwererapo kuposa lam'mbuyo. Lophweka kwambiri linali loyamba lija, kungotsika padenga.

Ndipo musanyoze thupi. Pali maganizo ambiri amene timawathamangitsa ngati ziwanda pamene gwero lake ndi njala ndi tulo. Eliya atapambana pa phiri la Karimeli anathawa Yezebeli, nkukakhala pansi pa kamtengo m'chipululu nkupempha kuti afe. Mngelo sanamulalikire. Anamupatsa mkate ndi madzi, anamusiya agone, anamudzutsanso kuti adye kachiwiri, ndipo kulankhula kwenikweni kunadzachitika pambuyo pake ku Horebu. Zili pa 1 Mafumu 19. Ngati mwaona kuti mumakalipira ana nthawi zonse mukafika kunyumba mutaima pa depoti ola lathunthu osadya chilichonse kuyambira m'mawa, gulani chinangwa kapena nthochi panjira, mukafika sambani kaye, nkhani za homuweki ndi za ndani wathyola kapu zidikire. Si uzimu wochepa umenewo.

Chachinayi, mphindi zoyambirira sunthani thupi

Iyi ndi sitepe imene imapulumutsa anthu ambiri ndipo ndi yosavuta kuimvetsa. Ganizo likatentha musakhale pomwepo nkumakambirana nalo. Imirirani. Tulukani panja. Ikani foni pansi. Pitani mukamwe madzi, mukasese, mukaone ngati geti latsekedwa, chilichonse chimene chichotse thupi pamalopo.

Yosefe m'nyumba ya Potifara sanaime kuti afotokozere chiphunzitso mkazi wa Potifarayo amene ankamunyengerera. Anali atakana kale ndi pakamwa tsiku ndi tsiku, ndipo Genesis 39:10 akuti ankakana ngakhale kukhala naye pafupi, koma tsiku limene anagwidwa malaya m'nyumba mulibe wina aliyense, anasiya malayawo nkuthawa. Paulo naye pa 1 Akorinto 6:18 sananene kuti limbanani ndi dama, anati thawani. Pa chilakolako munthu amene amati ndine wolimba ndingathe kukhala pomwepa ndi amene amagwa.

Kwa ife lero kuthawa kumatanthauza zinthu zooneka zazing'ono. Foni izigona pabalaza pa chaja, osati pansi pa pilo, ngati mumadalira alamu gulani kawotchi. Nambala ija imene mumaidziwa kuti ikalowa meseji mtima umadumpha, ifufuteni ndipo muibuloke, osati kungoisintha dzina nkuilemba kuti "Plumber". Magulu a WhatsApp amene amatumizirana zithunzi zolaula tulukanimo, anzanu aseka masiku awiri kenako aiwala. Munthu amene sitetasi yake imakudwalitsani nsanje muikeni pa mute, simunamude, mukungoteteza mtima wanu pamene ukuchira. Ngati njira yochokera kuntchito imadutsa pa bala pamene munkamwera, zungulirani ngakhale kutalike. Yesu pa Mateyu 5:29-30 analankhula zokolowola diso ndi kudula dzanja, sankatanthauza mpeni, koma ankatanthauza kuti chimene chikukugwetsa uchichotse ngakhale chikupweteke kuchitaya.

Pa mkwiyo lamulo langa ndi limodzi: palibe meseji, palibe voice note, palibe kuimba foni mpaka kutacha. Lembani ngati mukufuna, koma lembani papepala kapena mu notes, osati m'bokosi la munthuyo momwe chala chingaterereke. Madzi akatayika saoleka, ndipo masiku ano mawu amajambulidwa nkutumizidwa ku gulu la banja lonse. Davide yemweyo nthawi ina anamanga lupanga ndi amuna 400 kupita kukapha Nabala ndi amuna onse a m'nyumba mwake chifukwa cha chipongwe, Abigayeli nkumuchingamira panjira ndi chakudya ndi mawu ofatsa, ndipo Davide anathokoza Mulungu kuti wamuletsa kukhetsa mwazi. Zili pa 1 Samueli 25. Chimene Abigayeli anachita ndi kumuchedwetsa mpaka nzeru zibwerere. Usiku uja ine Abigayeli wanga anali mayi a kunyumba, anatembenuka nkundifunsa kuti bambo mukupuma chonchi bwanji, mukulemberana ndi ndani. Ndinawapatsa foni awerenge. Anawerenga mpaka pansi, nkunena kuti za ndalamazi n'zoona koma amayi akewa alakwa chani, ndipo foniyo anaiika kumbali kwawo mpaka m'mawa.

Chachisanu, yankhani ndi Mawu, ndipo musasiye mutu uli mbee

Kungodziuza kuti ndisaganize, ndisaganize, sikugwira ntchito, m'malo mwake ganizolo limakula. Mutu wa munthu sukhala wopanda kanthu. Yesu ananena pa Mateyu 12:43-45 za mzimu woipa umene unatuluka mwa munthu, pobwerera nkupeza nyumba yosesedwa bwino koma yopanda mwini, nkukatenga ina 7 yoipa kuposa iwo. Ndiye mukachotsa, ikanipo china.

M'chipululu muja Yesu anayankha katatu konse ndi mawu a mu Deuteronomo, mayankho afupiafupi. Inunso simufunika mavesi 50. Pa ganizo lililonse limene munalipeza m'kabuku kaja sankhani vesi limodzi, mulilembe pakapepala, muliloweze mpaka lizituluka lokha. Wa mkwiyo angatenge Yakobo 1:19-20, za kufulumira kumva, kuchedwa kulankhula, kuchedwa kupsa mtima. Wa nkhawa ya ndalama angatenge Ahebri 13:5. Wa chilakolako angatenge funso la Yosefe lija, ndingachite bwanji choipa chachikulu chotere nkuchimwira Mulungu. Lowezani m'Baibulo limene mumalimva bwino, kaya ndi Buku Lopatulika limene ambirife tinakulira nalo kaya Buku Loyera, chachikulu mawuwo akhale anu.

Wa nsanje ndikupempha awerenge Salimo 73 lonse, pang'onopang'ono. Asafu akuvomera poyera kuti mapazi ake anatsala pang'ono kuterereka poona anthu oipa zikuwayendera, onenepa, opanda mavuto, mpaka anafika poganiza kuti kusunga mtima woyera kunali kutaya nthawi. Ndani wa ife sanaganizepo choncho poona wakuba akumanga nyumba yosanja pamene iwe wokhulupirika ukulephera lendi? Ndimalikonda salimo limeneli chifukwa silinamizira kuti funsolo kulibe. Ndipo pali chinthu china chimene chimathyola nsanje msanga kuposa china chilichonse chimene ndikuchidziwa, ngakhale chimawawa pochiyamba: mupempherereni munthuyo pomutchula dzina, kuti Mulungu amuonjezere. Tsiku loyamba mawu amakanirira pakhosi. Pitirizani sabata. Sauli anasiya nsanje ikule kuchokera pa nyimbo imodzi ya amayi yotamanda Davide, ndipo m'mawa mwake anali atamuponyera kale mkondo.

Pemphero la pa mphindi imeneyo likhale lalifupi ndi loona. "Ambuye Yesu ndichitireni chifundo, ndikufuna kuchita chinthu ichi ndipo sindingadziletse ndekha." Basi. Petro akumira sanapemphere pemphero lalitali. Ena nyimbo imawathandiza kwambiri kuposa kuwerenga, imbani ya m'buku la nyimbo imene mumaidziwa mavesi onse. Kenako gwirani ntchito ndi manja, chapani, konzani njinga, thirirani dimba, pitani mukaone wodwala. Pa Aefeso 4:28 Paulo sanangouza wakuba kuti asiye kuba, anamuuza kuti agwire ntchito kuti akhale ndi chopatsa osowa.

Chachisanu ndi chimodzi, nkhani yeniyeni ikambidwe

Kuugwira mtima si kukwirira nkhani. Pali Akhristu amene amaoneka ofatsa koma m'kati asunga mangawa a zaka 10, amapatsana moni wa mtendere kutchalitchi koma pamaliro sadyera mbale imodzi. Aefeso 4:26-27 akuti kwiyani koma musachimwe, dzuwa lisalowe muli chikwiyire, ndipo musampatse malo Mdyerekezi. Ndiye mkwiyo pawokha ukhoza kukhala wolondola, vuto ndi kuugoneka m'nyumba mpaka usanduke chidani.

Mtima ukazizira pitani kwa munthuyo, inu awiri kaye monga Mateyu 18:15 akunenera, osati kuyamba ndi kuuza gulu lonse kapena kulemba sitetasi yomubaya mosamutchula dzina. Kambani chinthu chimodzi chimene chachitika, osafukula za 2015. Nenani chimene mukufuna kuti chichitike. Zikakanika ndi pamene mumatenga wina, ankhoswe ngati ndi za banja, mkulu wa mpingo ngati ndi za mumpingo.

Ine ndinapita kwa mlamu wanga Loweruka lotsatira, tinakhala pakhonde, ndinamuuza kuti alamu ndinaona zithunzi zija ndipo zinandipweteka chifukwa ndalama zija ndinazichotsa pa fizi ya mwana wanga. Anayamba kudzitchinjiriza, akuti ulendowo analipira ndi a kuntchito, mwina zinali zoona mwina ayi, sindinalimbane nazo. Ndinangoti tigwirizane kuti muzibweza zingati pamwezi. Tinagwirizana K30,000.

Ndinene pano momveka chifukwa ena amapotoza: kukhululuka sikutanthauza kuti ngongole yafa, sikutanthauza kuti mum'bwerekenso, ndipo kwa mayi amene akumenyedwa kunyumba sikutanthauza kukhala chete nkumapirira zibakera. Mutha kusiya kufunira munthu zoipa mumtima uku mukukanena kwa ankhoswe kapena kupolisi. Chimene mukutaya ndi kubwezera, osati choonadi. Ndipo kukhululuka kawirikawiri sikutheka kamodzi, chinthucho chimabweranso mukamuona munthuyo pamsika, nde mumachiperekanso kwa Mulungu, mawa chimodzimodzi, mpaka tsiku lina mudzazindikira kuti mwamuona koma m'mimba simunatembenuke.

Chachisanu ndi chiwiri, uzani munthu mmodzi

Tchimo la m'maganizo limanenepa mumdima. Yakobo 5:16 akuti tiululirane machimo ndi kupemphererana kuti tichiritsidwe. Mutu umodzi susenza denga. Koma sankhani bwino, chifukwa tonse tikudziwa kuti m'mipingo mwathu muli anthu amene nkhani yako imasanduka "chopempherera" cha mlaga wonse pofika Lachitatu. Pezani munthu wokhwima, wosunga pakamwa, mwamuna kwa mwamuna mnzake, mayi kwa mayi mnzake makamaka ngati nkhani ndi ya chilakolako, ndipo muyeseni kaye ndi kankhani kakang'ono muone ngati kamveka kwina. Akatolika muli ndi sakramenti la kulapa, musalisiye mpaka nyengo ya Lenti yokha.

Mukamupeza mupatseni chilolezo chokufunsani mafunso olunjika. Osati "zikuyenda bwanji", poti aliyense amayankha kuti bwinobwino, koma "sabata ino foni yagona kuti", "munthu uja mwalankhula naye". Gwirizanani kuti zikavuta usiku mutha kumuflasha iye nkuimba. Kungodziwa kuti Lamulungu wina akufunsani kumabweza munthu pa khomo lachiwiri lija.

Mukagwa

Mudzagwa nthawi zina, ndipo zimene mumachita m'maola ochepa otsatira n'zofunika kwambiri. Musadikire kuti mumve kuti mwayera kaye ndiye mupemphere, musajombe kutchalitchi milungu itatu chifukwa cha manyazi. Bwererani tsiku lomwelo. Nenani chimene mwachita ndi dzina lake, osachikometsa, osaloza wina. 1 Yohane 1:9 akuti tikavomereza machimo athu Iye ndi wokhulupirika ndi wolungama kutikhululukira ndi kutisambitsa. Ngati mawu akusowa pempherani Salimo 51, ndi pemphero la Davide Natani atamudzudzula pa nkhani ya Batiseba ija. Petro ndi Yudasi onse anamulakwira Yesu usiku umodzi ndipo onse anamva chisoni, koma Yudasi anapita yekha ndi chisoni chakecho, Petro anabwerera kwa abale ndipo Yesu anakamupeza kunyanja.

Ngati mwalakwira munthu kakonzeni. Mwakalipira mwana mopyola, mupepeseni, ulemu wanu suchepa. Mwanenera wina bodza, bwererani kwa amene munawauza mukalikonze. Kenako tsegulani kabuku kaja mufunse kuti ndinalowera khomo liti, ndipo mutseke limenelo.

Pamene si nkhani ya tchimo

Ichi ndisachisiye chifukwa ndaona anthu akuvutika nacho mwakachetechete. Pali ena amene maganizo oopsa amawabwerera mobwerezabwereza iwo asakuwafuna n'komwe, mawu otukwana Mulungu ali pakati pa pemphero, zithunzi zoti avulaza mwana wawo amene amamukonda, ndipo amalapa kambirimbiri patsiku osapeza mtendere, akuganiza kuti anachimwira Mzimu Woyera. Kuwawidwa mtima kwanu ndi maganizo amenewo kukusonyeza kale kuti si chifuniro chanu. Nthawi zambiri limeneli ndi vuto la thanzi la m'maganizo limene madokotala amalidziwa ndipo limathandizika. Chimodzimodzi chisoni chimene chakhala masabata osachoka, osagona, osadya, osafuna kuona anthu, makamaka kwa amayi amene angobereka kumene.

Ndipo ngati ganizo lake ndi lofuna kudzipha, musalisunge ngakhale usiku umodzi. Uzani munthu amene muli naye pafupi tsopano lino, mupatseni mankhwala, chingwe kapena chilichonse chimene mumaganiza kugwiritsa ntchito achichotse m'nyumba, ndipo mawa lomwe pitani kuchipatala cha boma chapafupi mukanene mmene zilili. Ku Zomba kuli chipatala cha matenda a maganizo, ku Mzuzu ndi ku Lilongwe kuli a St John of God amene amapereka uphungu ndi chithandizo. Kupita kumeneko si kusowa chikhulupiriro, monganso munthu wa shuga sasiya kupemphera chifukwa akumwa mankhwala. Abusa ndi akulu a mpingo, munthu wotere akabwera kwa inu mupempherereni ndithu, kenako mum'perekeze kuchipatala, musamuuze kuti asale kudya masiku 7.

Mlamu uja anabweza miyezi itatu motsatizana, wachinayi anadumpha, ndipo tsiku limenelo mtima unayambanso kugunda m'makutu muja. Ndinaika foni pa chaja pabalaza, ndinatuluka kukathirira mpiru kuseri kwa nyumba, ndipo ndinamuimbira m'mawa mwake titamwa tiyi.